Mpira ndi umodzi, ma guard ndi atatu: Dylan Harper akalowa pati ku San Antonio?

Chiyambireni pa 25 June 2025, pamene timu ya San Antonio Spurs inasankha Dylan Harper pa nambala 2 mu draft ya NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, ku Brooklyn, funso limene ndafunsidwa kwambiri ndi limodzi: "Akochi, mnyamata ameneyu akasewera pati?" Anyamata amene ndimawaphunzitsa basketball amandifunsa tikamamanga nsapato. Makolo awo, ena mwa iwo oti amadzuka 3 koloko m'bandakucha kuti aonere masewera a ku America, amandifunsanso chimodzimodzi. Mbali ina ikuti Spurs yachita mphumi. Mbali ina ikuti atambala awiri salira m'khola limodzi, nanji atatu.

Kwa amene simutsatira kwambiri, draft ndi njira imene matimu 30 a NBA amagawanira osewera atsopano chaka chilichonse. Matimu amene sanachite bwino ndi amene amakhala ndi mwayi wosankha moyambirira, ndipo malo anayi oyamba amachitira maere. Spurs inapambana masewera 34 ndi kuluza 48 mu sizoni ya 2024-25. Potengera zimenezo inayenera kusankha cha pa nambala 8, koma maere anaikankhira pa nambala 2. Dallas itatenga Cooper Flagg, amene anatsala pamwamba pa mndandanda wa pafupifupi aliyense anali Harper, wa zaka 19, wochokera ku yunivesite ya Rutgers.

Harper ndi guard, kutanthauza wosewera amene amanyamula mpira kuchokera kumbuyo, kuwerenga mmene adani aimira, n'kusankha ngati alowe yekha kapena apatsire mnzake. Amagwiritsa ntchito dzanja lamanzere, ndi wamtali kuposa ma guard ambiri, ndipo ku Rutgers ankagoletsa mapointi 19.4 pa gemu ndi kupatsira mipira 4 yobala mapointi. Chimene ndimachikonda mwa iye ndi mapazi. Salowa ndi liwiro lokha ayi. Amachedwetsa dala, womutchinga n'kuima, kenako phewa lili kale kutsogolo. Akafika pansi pa ring'i sathamangira kuponya. Amaima pa miyendo yonse iwiri, kunamiza kamodzi, wamtali uja n'kudumpha pachabe. Zimenezi ena amaziphunzira ali ndi zaka 27.

Chovuta n'chakuti Spurs ili kale ndi anthu awiri a ntchito imeneyi. De'Aaron Fox anabwera kuchokera ku Sacramento mu February 2025, ndipo mu August chaka chomwecho anasaina mgwirizano wa zaka zina zinayi wa ndalama pafupifupi madola 229 miliyoni. Munthu wolipidwa chonchi sakhala pa benchi. Ndiye pali Stephon Castle, amene anasankhidwa pa nambala 4 mu 2024 n'kutenga mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse. Pamwamba pa onsewa pali Victor Wembanyama, Mfalansa wamtali kupitirira mamita 2.2, amene timu yonse ikumangidwa momuzungulira.

Otsutsa ambiri amayambira pa mphindi, kuti atatuwa sangakwane. Apa ndiye sindikuonapo mlandu. Gemu ya NBA imatenga mphindi 48, malo a ma guard ndi awiri, choncho pali mphindi 96 zogawana. Mukagawira anthu atatu, aliyense apeza 32, zomwe ndi mphindi za wosewera woyamba. Komanso Castle ndi wamtali ndi wamphamvu moti atha kutchinga wosewera wa pa malo achitatu, ndiye atatu onsewo atha kulowa limodzi nthawi zina. Onjezani kuti sizoni ili ndi magemu 82 ndipo palibe amene amaimaliza osapweteka penapake. Fox yemweyo mu sizoni ya 2024-25 anasewerako magemu 17 okha ku Spurs asanachitidwe opaleshoni ya chala.

Mlandu weniweni uli pa malo opumira m'bwalo. Ndiloleni ndifotokoze ndi zimene zinandichitikira.

Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi timu ya anyamata momwe munali atatu odziwa kuyendetsa mpira kuposa anzawo onse. Ndinawaika onse mu asanu oyamba, ndikuganiza kuti palibe angatigwire. Kota yoyamba zinayenda. Itakwana yachiwiri, ndinamva kochi wa timu inayo akukuwa kuchokera pa benchi yake: "Musiyeni ameneyo aponye! Bwererani m'kati!" Womutchinga mnyamata wanga wa pakona anabwerera masitepe atatu n'kukaima pafupi ndi ring'i, manja m'mwamba. Winanso anachita chimodzimodzi mbali inayo. Wa mpira uja akalowa ankapeza anthu atatu akumudikira pamene poyamba pankakhala mmodzi. Akapatsira kunja, wolandirayo ankayang'ana ring'i, kuyang'ana ine, n'kugunditsa mpira pansi kuti nayenso alowe m'chigulu momwemo. Sankadzikhulupirira kuponya ali patali, ndipo adani anali atadziwa. Tinaluza gemu imene tinali ndi luso lokwanira kuipambana, ndipo wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinawerenga luso la aliyense payekha osaganizira kuti awiri amene alibe mpira azichita chiyani.

N'zimenezi zimene zikudikira Mitch Johnson, kochi wa Spurs amene analowa m'malo mwa Gregg Popovich mu 2025. Ganizirani kasewero kamene matimu a NBA amakadalira kwambiri, ka pick-and-roll: Wembanyama akubwera kudzaima ngati khoma panjira ya wotchinga Fox, Fox akuzungulira khomalo, Wembanyama akutembenukira ku ring'i. Kuti zimenezi zigwire, atatu otsalawo ayenera kukhala anthu oti adani akuopa kuwasiya okha. Akapanda kuopedwa, owatchinga amasiya anthu awo n'kudzadzaza pakati, ndipo msinkhu wonse wa Wembanyama umathera pokankhana ndi anthu atatu.

Manambala ake ndi awa. Mpira woponyedwa kuseri kwa mzere wautali umapereka mapointi 3. Woponya amene amalowetsa 36 pa 100 iliyonse, womwe ndi mulingo wapakati mu NBA, amabweretsa pointi imodzi ndi kakang'ono pa kuponya kulikonse. Castle mu sizoni yake yoyamba analowetsa 28.5 pa 100, zomwe sizikwana n'komwe pointi imodzi pa kuponya. Kochi aliyense wa adani angasangalale kumusiya aponye usiku wonse. Fox pa ntchito yake yonse ali cha pa 33. Harper ku Rutgers anali pa 33.3, ndipo kumeneko mzere uli pa mamita 6.75, pamene wa NBA uli pa mamita 7.24 kupatula m'makona. Theka la mita limaoneka laling'ono papepala, koma miyendo ikatopa mu kota yachinayi mpira umagunda kutsogolo kwa ring'i.

Pali chimodzi chondipatsa chiyembekezo pa Harper. Ku Rutgers mipira yambiri ankaiponya akuchokera koyendetsa yekha, munthu ali pamphuno, nthawi ikutha, chifukwa timu yake inali yofooka. Inapambana magemu 15 ndi kuluza 17 ngakhale munalinso Ace Bailey, amene Utah inamutenga pa nambala 5. Kuponya kotero n'kovuta kuposa kulandira mpira mapazi ali okonzeka kale. Ku San Antonio adzalandira mipira yambiri ya mtundu wachiwiriwu, poti maso a adani adzakhala pa Wembanyama. Ngati alowetsa imeneyo pa mulingo wapakati chabe, theka la mkanganowu latha.

Ndiye kodi Spurs ikanasankha munthu wina wogwirizana bwino ndi amene ilinawo kale? Ine ndikuti ayi, ndipo sindikayika. Mu 1984 Portland inali pa nambala 2 yomweyi. Inali kale ndi Clyde Drexler ndi Jim Paxson pa malo a guard, ndiye inatenga Sam Bowie chifukwa inkasowa wamtali. Chicago pa nambala 3 inatenga Michael Jordan. Sindikunena kuti Harper ndi Jordan. Ndikunena kuti timu imasintha chaka ndi chaka, anthu amagulitsidwa, ena amavulala, koma mwayi wosankha pamwamba chonchi timu imene ili ndi Wembanyama mwina siidzaupezanso kwa zaka khumi. Zosowa za lero mutha kuzikwaniritsa pa msika. Luso la pa nambala 2 siligulitsidwa wamba.

Nkhani imene imandidetsa nkhawa ndi ina, ndipo Fox amaidziwa bwino kuposa tonsefe popeza anali momwemo. Mu 2020 Sacramento inasankha Tyrese Haliburton pa nambala 12 ili kale ndi Fox. Anthu anayamba kulankhula zomwezi, kuti awiriwa akupondana. Mu February 2022, Haliburton asanamalize ngakhale sizoni yachiwiri, anamutumiza ku Indiana posinthana ndi Domantas Sabonis. Kunena mwachilungamo, Sacramento inapindulako: mu 2023 inalowa ma playoff, ndime yolimbirana chikho kumapeto kwa sizoni, patatha masizoni 16 ili kunja. Koma mu 2025 Haliburton anafikitsa Indiana mu fainolo ya NBA mpaka gemu yachisanu ndi chiwiri, pamene Fox nayenso anachoka ku Sacramento. Anathamangira kuthetsa vuto limene linali lisanakhwime.

Spurs ilibe chifukwa chothamangira. Osewera osankhidwa mu raundi yoyamba amalowa ndi mgwirizano wa zaka zinayi wa malipiro oikidwiratu, otsika poyerekeza ndi a akatswiri. Wa Wembanyama ukutha mu 2027, wa Castle mu 2028, wa Harper mu 2029. Ndiye kuti kuwerengera kuchokera mu 2025 pali masizoni awiri kapena atatu oyesera asanakakamizike ndi ndalama kusankha wotsala ndi wochoka. Ndipo kumbukirani kuti mu sizoni ya 2024-25 Fox ndi Wembanyama anasewera limodzi magemu 5 okha, chifukwa Wembanyama anapezeka ndi magazi oundana paphewa mu February 2025. Mkanganowu unayamba timuyi tisanaione ikusewera.

Ndikanakhala pa mpando wa Johnson, Harper akanayambira pa benchi, ndipo sindikanachita nazo manyazi. Ku San Antonio kuposa kwina kulikonse, benchi si chilango. Manu Ginóbili, wamanzere mnzake, anathera gawo lalikulu la ntchito yake akulowa gemu itayamba kale, anatenga zikho zinayi, ndipo mu 2022 analowa mu Hall of Fame, momwe amalemekezera akatswiri a basketball. James Harden anachitanso zomwezo zaka zitatu ku Oklahoma City. Ubwino wake kwa mnyamata wa zaka 19 ndi wakuti Fox akapuma, mpira ndi wake, ndipo akulimbana ndi osewera a pa benchi a timu inayo. Amalakwitsa pamene kulakwitsa sikupha timu.

Ndipo pakhomo pake pali munthu amene anadutsa njira yofanana. Bambo ake, Ron Harper, anayamba ku Cleveland mu 1986 akugoletsa mapointi opitirira 22 pa gemu. Atavulala bondo n'kudzafika ku Chicago, anapeza kuti mpira uli m'manja mwa Jordan ndi Scottie Pippen. Anasanduka wotchinga, wodziwa poima, ndipo anatenga zikho zitatu ku Chicago ndi ziwiri ku Los Angeles Lakers. Mwanayu sakufunika kudzichepetsa mpaka pamenepo, luso lake n'lalikulu, koma wakulira pafupi ndi munthu amene angamuuze kuti wosewera amachita chiyani pamene mpira uli ndi ena kwa masekondi 18 mwa 24 amene timu imapatsidwa kuti iponye.

Sizoni ikayamba mu October, inu odzuka m'bandakucha, musathamangire kuona mapointi a Harper. Fox akakhala ndi mpira, chotsani maso pa mpirawo, muyang'ane munthu amene akutchinga Harper. Muwerenge masitepe amene ali pakati pa awiriwo. Ngati ali pafupi moti atha kumugwira jezi, ndiye kuti adani ayamba kumuopa ndipo Wembanyama ali ndi malo. Ngati wabwerera masitepe atatu, phazi limodzi lili kale m'kati mwa penti, malo opakidwa utoto pansi pa ring'i, muone chimene Harper achite akalandira mpirawo: kuponya nthawi yomweyo, kapena kuugunditsa pansi ngati mnyamata wanga uja.