Steti ili ndi mphamvu inde, koma pali pomwe imalekezera

Anthu ambiri akamva kuti ku America kuli masteti 50, iliyonse ndi gavanala wake, nyumba ya malamulo yake, apolisi ake mpaka makhoti ake, amangoti basi ndiye kuti Texas kapena California ndi dziko palokha, ingachite chomwe yafuna. Ena nawo amati ayi steti ndi kanthambi chabe ka boma la ku Washington. Onsewa aphonya. Ife a zamalamulo timayambira pa konsitityushoni yawo ya 1787, malire analembedwa m'menemo.

Choyamba mudziwe kuti mphamvu za steti sizochita kugawiridwa ndi boma lalikulu ngati mphatso. Ndime ya nambala 10 mwa zomwe anawonjezera mu 1791 imati mphamvu iliyonse yomwe sinaperekedwe ku boma la fedulo (boma lalikulu la dziko lonse lija), komanso sinaletsedwe kwa masteti, imatsala m'manja mwa masteti kapena anthu eni ake. Ndiye za ukwati, masukulu, malaisensi a galimoto, milandu yambiri ya kuba ndi kupha, zonsezo ndi za steti. Mpake steti ina imaperekabe chilango cha imfa pomwe yoyandikana nayo inachithetsa kalekale.

Koma pali zomwe analetseratu mosapita m'mbali, mu Gawo 1 ndime 10 ya konsitityushoniyo. Steti singasule ndalama yakeyake, singasainirane pangano ndi dziko lakunja, singalange munthu pa chinthu chomwe anachita lamulo lisanapangidwe, singaike msonkho pa katundu wolowa m'dziko popanda chilolezo cha Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse. Izi sanazilote ayi, anali atapsa nazo kale, m'zaka za m'ma 1780 masteti ankalipiritsana misonkho okhaokha ngati anthu achilendo, Rhode Island nayo inasindikiza ndalama zapepala zosalimba n'kumakakamiza okongoza anzawo kuti azilandire, ndiye anthu atakumana ku Philadelphia kukalemba konsitityushoniyo anati zimenezi zisadzachitikenso.

Kenako pali Gawo 6, lomwe limati lamulo la fedulo likapangidwa motsata konsitityushoni, la steti likasemphana nalo, la steti ndi lomwe limagwa. Mu 1818 Maryland inaika msonkho pa nthambi ya banki ya boma lalikulu ku Baltimore, nkhani inafika ku Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo, ndipo mu 1819 jaji wamkulu John Marshall anagamula kuti msonkhowo ndi wosaloledwa, poti amene angakulipiritse msonkho angathenso kukukwezera mpaka utseke. Ngakhale zinyalala zinafikako ku khoti, eti! New Jersey inaletsa zinyalala zochokera m'masteti ena kudzatayidwa kwawo, mu 1978 khoti linati simungatseke malire kwa anzanu pa nkhani ya malonda, kaya malondawo ndi onunkha.

Tsono pomwe ine ndimaona kuti ndi pamtima pa nkhaniyi ndi apa. Maufulu aja analembedwa mu 1791, ufulu wolankhula, wopembedza, wozengedwa mlandu mwachilungamo, poyamba sankamanga masteti ngakhale pang'ono, ankamanga boma la fedulo lokha. Mkulu wina dzina lake John Barron anadandaula kuti ntchito za misewu za mzinda wa Baltimore zakokolera mchenga pa doko lake mpaka zombo zikulephera kukocheza, ankafuna chipukuta misozi potengera maufuluwo, mu 1833 khoti linamuuza kuti pepani bambo, ndimezo sizikhudza mzinda kapena steti yanu. Tangoganizani, boma lomwe lili pafupi nawe, lomwe lili ndi apolisi pakhomo pako, ndi lomwe linalibe chingwe.

Zinasintha nkhondo yapachiweniweni itatha. Mu 1868 anawonjezera ndime ya nambala 14, yoti steti singalande munthu moyo, ufulu kapena katundu popanda kutsata ndondomeko ya malamulo, ndipo iyenera kuteteza aliyense mofanana. Komabe zinatenga zaka zambirimbiri kuti makhoti ayigwiritse ntchito zenizeni, pang'onopang'ono, ufulu umodzi umodzi. Mu 1963 ndi pomwe anagamula kuti Florida iyenera kupereka loya kwa munthu wosauka yemwe akuzengedwa mlandu waukulu. Za masukulu ndiye zinavuta kwambiri, khoti litathetsa tsankho m'masukulu mu 1954, gavanala wa Arkansas Orval Faubus anaika asilikali a steti pa sukulu ya Central High ku Little Rock kuti ana 9 achikuda asalowe, mpaka pulezidenti Eisenhower anatumiza asilikali a fedulo mu 1957 kukawaperekeza anawo m'kalasi.

Musaganize kuti Washington ndiye imangolamula chilichonse. Mu 1997 khoti lomwelo linati boma la fedulo silingakakamize apolisi a steti kuligwirira ntchito yake. Apa ndi pomwe pamachokera chisokonezo cha nkhani ya chamba: Colorado inavomereza chamba chongosangalalira mu 2012, lamulo la fedulo likuchiletsabe, apolisi a steti sakumanga munthu, a fedulo atafuna atha kumanga, ndipo mabanki ambiri amaopa ndalama za mashopuwo moti ena amangogulitsa pa kashi basi.