Pa tsiku la Patrick Woyera ku Dublin, kale mabala ankakhala otseka

Wophunzira wochokera kunja akaona khamu la pa 17 Marichi ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, zipewa zobiriwira ndi mabala odzaza mpaka pakhomo, amaganiza kuti mwambowu ndi wa makolo akalekale. Ayi ndithu. Agogo ambiri a mumzindawu anakula tsikuli lili la Misa, chakudya cha pabanja ndi kugona msanga.

Patrick mwiniwake, woyera woyang'anira dzikoli, sanali wa ku Ireland. Anabadwira ku Britain pa nthawi ya Aroma, anagwidwa ukapolo ali ndi zaka 16, ndipo anaweta ziweto ku Ireland zaka 6 asanathawe. Anabwererako ngati episkopi m'zaka za m'ma 400, ndipo 17 Marichi ndi tsiku limene amati anamwalira. Wansembe wa ku Waterford, Luke Wadding, ndiye analimbikira m'zaka za m'ma 1600 kuti tsikuli lilowe pa kalendala ya Mpingo wonse wa Katolika. Popeza limagwa mkati mwa Lenti, anthu ankapumira kusala, n'kudya nyama ndi kumwako pang'ono. Madzulo ankachotsa katsamba ka shamrock, kamasamba atatu kamene ndi chizindikiro cha Ireland, pa malaya, n'kukaviika m'tambula yomaliza.

Perete anachokera ku America, kumene anthu a ku Ireland ankasowa kwawo. Ku New York anaguba mu 1762. Kwawo kwenikweni tsikuli linakhala tchuthi mu 1903, phungu James O'Mara atapititsa nkhaniyo ku nyumba ya malamulo ku London, popeza Ireland inali pansi pa Britain. Dziko litadziimira palokha, lamulo la 1927 linaletsa kugulitsa mowa pa tsikuli, ndipo chiletsocho chinagwira ntchito mpaka 1960. Chimene a ku Dublin amasekabe n'choti pa chionetsero cha agalu ku Ballsbridge mowa unkaloledwa, choncho tsiku limenelo okonda agalu ankachuluka modabwitsa. Chikondwerero cha masiku angapo cha lero chinayamba mu 1996, boma likufuna kukopa alendo.

Perete amanyamuka masana pa Parnell Square n'kudutsa mu O'Connell Street. Wofika 11 koloko itakwana amangoona misana ya anthu. Mabala amatsegula 12:30 masana n'kutseka 12:30 usiku, kupatula okhala ndi chilolezo chochezera. Zaka zomwera ndi 18, ndipo alonda apakhomo amafuna pasipoti kapena laisensi, osati khadi ya kusukulu. Kumwera mumsewu n'koletsedwa, apolisi amalanda. Fodya ndi wa panja kuchokera mu 2004.

Chakale kwenikweni chili mkati mwa bala, ndipo m'pamene mlendo amapunthwa. Anthu amagulirana mosinthana: mukakhala anayi, mmodzi amagulira onse, kenako wina, mpaka aliyense atagula. Wolandira katatu n'kutsanzika nthawi yake isanakwane sauzidwa kanthu, koma saiwalika. Amene ndalama zili zochepa kapena samwa anene poyambirira kuti adzigulira yekha, palibe amakwiya. Vuto lina n'loti liwiro limakhala la womwa msanga, ndipo painti imodzi ndi mamililita 568.

Guinness, mowa wakuda umene umafululidwa pa St James's Gate kuyambira 1759, umathiridwa kawiri. Wogulitsa amasiya tambula isanadzaze kuti thovu likhazikike, kenako amamaliza, zonse pafupifupi mphindi ziwiri. Musaitole pakati, sanakuiwaleni. Pogunditsa matambula amati sláinte, kutanthauza thanzi.

Pakona pakakhala oimba ndi vayolini, chitoliro ndi kang'oma ka bodhrán, mipando imeneyo ndi yawo. Wina akayamba kuimba yekha popanda chida, bala yonse imakhala chete, nanunso mutero. Nyimbo zotere zimamveka bwino ku bala ya Cobblestone mu Smithfield kusiyana ndi ku dera la Temple Bar, kumene mitengo ndi ya alendo ndipo phokoso limaposa nyimbo.

Samalaninso pakamwa. Chidule cha dzina la Patrick ndi Paddy, osati Patty. Musaitanitse chakumwa chotchedwa Black and Tan, chifukwa linali dzina la apolisi amene Britain inatumiza mu 1920, omwe anawotcha nyumba ndi kupha anthu wamba. Za ulendo wobwerera konzeranitu masana: misewu yapakati imatsekedwa, mabasi amayendera ndandanda ya tchuthi, ndipo mabala akatseka aliyense amasaka takisi nthawi imodzi.