Matenda a mtima si a mabwana onenepa okha ayi

Kuno ku Salima ukangotchula matenda a mtima anthu amaganiza za bwana wa mimba yaikulu wa BP, mwana wa zaka 12 akayamba befu, miyendo kutupa, basi akuti amulodza. Ayi abale. Nthawi zambiri nkhani imayambira pa zilonda zapakhosi zija timati zitha zokha.

Pali bakiteriya wina, streptococcus, akagwira pakhosi osalandira mankhwala thupi polimbana naye limasokonezeka nkuyamba kuononga mavalavu a mtima, tizitseko tija timatseka kuti magazi asabwerere m'mbuyo, makamaka ka mitral. Valavu ija imayamba kudontha kapena kuuma, mtima nkumagwira ganyu yowirikiza, ndipo zimatenga zaka mwana akuoneka bwinobwino akusambira ku Senga Bay. Ena zimadzaonekera ali ndi pakati.

Ndiye kafukufuku wa ku Gulu ku Uganda, wotchedwa GOAL, zotsatira zake zinatuluka 2021. Anatenga ana a zaka 5 mpaka 17 omwe sikani inaonetsa kuti vutoli layamba koma sakudwala, ena nkumawabaya jakisoni wa penisilini masabata 4 aliwonse kwa zaka 2. Mwa obayidwa matenda anakula mwa osakwana 1 pa 100, mwa osabayidwa anali 8 pa 100. Penisilini yemweyu, wotchipa, osati opaleshoni ya ku India.

Jakisoniyo amawawa, sindinama. Koma mwana akadandaula pakhosi thupi likutentha, pitani naye kuchipatala, panado wa pa gulosale sapha bakiteriyayu.