Mtsinje wa Lunyangwa si malire odalirika

Pantchito yanga yoyeza malo kuno ku Mzuzu ndatopa nawo mawu akuti "malire athu ndi mtsinje, ndipo makolo athu anakhala pano chilengedwere dziko." Mawuwa amamveka m'timidzi tambiri ta m'mbali mwa Lunyangwa, koma mbiri ikuwatsutsa ndipo madzi omwe akuwatsutsa.

Lunyangwa amachokera m'nkhalango ya Kaning'ina, n'kudutsa ku Ekwendeni, kukathira mu Kasitu, amenenso amakathira mu South Rukuru. Akafika pamalo athyathyathya amayenda mokhotakhota, akumagumula gombe lakunja pamene mtsinje wakhota ndi kuunjika mchenga tsidya linalo, makamaka pamene anthu anadula bango n'kulima mpaka m'madzi. Midzi nayo sinakhazikike kalekale monga ambiri amanenera. Angoni a M'mbelwa anafika m'dera lino cha m'ma 1850 n'kupeza Atumbuka, mishoni ya Ekwendeni inatsegulidwa mu 1889 m'dziko la Inkosi Mtwalo, ndipo Mzuzu weniweniyu anayamba mu 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake amayengera mafuta. Chilichonse mwa izi chinasuntha mabanja.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya kamudzi kena kumunsi kwa Ekwendeni, kumene mabanja awiri apachibale ankalima madimba moyang'anizana. Dzinja lina madzi anadula njira yachidule, ndipo dimba la mayi wina wamasiye, nthochi ndi nzimbe zomwe, linapezeka lili tsidya lina. Agogo amene ankadziwa kuti malire enieni ankachokera pachulu kukafika pamkuyu wa kumanda anali atamwalira chaka chapitacho, popanda wolemba mawu awo. Khwawa lakale linkaonekabe, louma, mutamera nsenjere, koma anyakwawa anagamula potsata madzi oyenda.

Choipitsitsa n'chakuti mayiyo anali atalipira kale mnyamata wina wodzitcha saveya (woyeza malo), amene anazungulira dimbalo ndi foni m'manja n'kumusiyira pepala lopanda chidindo. GPS ya pafoni, imene imasonyeza pamene munthu waima, imaphonya ndi mamita angapo, ndipo pa dimba mamita amenewo ndiwo mizere yonse ya masamba. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo kudzera m'komiti ya malo ya m'dera lanu. Funsani chiphaso cha woyeza aliyense musanatulutse ndalama, ndipo itanani akuluakulu a mbali zonse aloze zizindikiro adakali moyo, mvula isanayambe.