Munda wa ku Botanic ku Zomba unali wa ndani?

Nyengo ya maukwati ikafika, mkangano wa munda wa ku Botanic ku Zomba umabukanso. Ena amati ojambulitsa zithunzi, ana asukulu ndi magulu odzadyera pa kapinga akuwononga malo a sayansi. Ena amayankha kuti munda wopanda anthu ndi tchire basi. Mbali zonse zimatchula cholinga chimene mundawu unayambira, koma ndi ochepa amene amachifotokoza.

Mundawu unatsegulidwa mu 1891, chaka chomwe Britain inatenga dziko lino. Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anabwera ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland yemwe anakhalako ku Ceylon. Whyte analambula malo m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, pafupi ndi nyumba ya Johnston, ija anamanga John Buchanan mu 1886 yomwe pambuyo pake inadzakhala hotela ya Masongola. Pali ena amene amapereka ulemu woyambitsa mundawu kwa Buchanan, poti iye anali atayamba kale kulima khofi ku Zomba atachoka ku mishoni ya Blantyre. Mfundoyi ndi yomveka, koma Buchanan ankalima zake. Munda wa boma unayamba ndi Whyte.

Ndipo sunali munda wopumuliramo. Ntchito yake inali kuyesa mbewu zochokera kunja kuti aone zimene zingapindulitse azungu a m'maesiteti. Zolemba za nthawiyo, kuphatikizapo buku la Johnston la 1897, zadzaza mayina a zomera ndi a azungu. Anthu a m'midzi yozungulira amene anagwira makasu ndi kusenza miyala sakutchulidwa mayina. Ngakhale mkungudza wa ku Mulanje, womwe eni dera ankaudziwa kalekale, unalowa m'mabuku a sayansi ndi dzina la Whyte.

Zaka zotsatira zilibe zambiri. Khofi anagwa, fodya, tiyi ndi thonje zinatenga malo, kafukufuku wa ulimi anakhazikika ku Bvumbwe ndi ku Chitedze, ndipo mu 1975 likulu linasamukira ku Lilongwe.

Kwa ine zinthu zinatembenuka mu 1987, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Bungweli linapatsidwa munda wa ku Zomba, ndipo limayang'aniranso ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ntchito yake si kusaka mbewu zamalonda ayi, koma kusunga zomera za dziko lino, kuzifufuza ndi kuphunzitsa anthu. Apa n'kuti Chancellor College itasamukira kale ku Zomba mu 1973, ophunzira ali pakhomo pomwepo. Ndiye amene amati anthu wamba akulowerera malo osawayenera ayenera kunena kuti akukamba za munda uti, wa 1891 kapena wa 1987.

Nkhawa za akatswiri sizongopeka. Anthu akamapondaponda pansi pa mtengo wakale, dothi limagogomezeka ndipo mizu imavutika. Mundawu uli motsetsereka m'munsi mwa phiri, ndipo mvula ngati ya namondwe Freddy mu 2023 imakokolola paliponse pamene kapinga watha. Koma zonsezi zimatheka kukonza popanda kutseka geti: tinjira ta miyala tolambalala mizu, ngalande zobwezera madzi m'nthaka, chigawo chimodzi chosewererapo ana pomwe zipika za mitengo yogwa yokha zingakhale mipando. Zikwangwani zikhale ndi mayina a Chichewa ndi Chiyao pambali pa a Chilatini, kuti mwana adziwe mbawa ndi mkuyu, agogo nawo afotokoze mtengo umene ankachizira m'mimba.

Chovuta ndi ndalama. Zolipira pa geti zimathandiza kusamalira mundawu, koma zomwezo zimatha kubweza mwana wa ku Chikanda kapena ku Chinamwali, pokhapokha sukulu yake itakonza ulendo.