Manda a ku Chembe ndi zala za agogo

Mlendo akafika ku Chembe, ku Cape Maclear, anyamata operekeza alendo salephera kumutengera kumanda a amishonale, patsinde pa phiri. Kumeneko kunagona Dr William Black, dokotala wachinyamata wa ku Scotland amene malungo anamutenga mu 1877, asanathe ndi chaka chomwe pamalopo. Chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Ngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa. Ine ndikaima pamandapo chisoni chimandigwira ndithu, koma mtima umathamangira kwa anthu a m'midzi ya kwa Nankumba, kwa Mponda ndi kwa Makanjira amene anafa zaka zomwezo, manda awo n'kumera tchire popanda wolemba dzina.

Amishonale a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu Okutobala 1875 pa sitima ya Ilala. Sitimayo inadutsa mathithi a Shire ili zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazanamazana, ndipo njira yomweyo ndi imene inkadzera kwinini, mankhwala okhawo amene azungu ankadalira. Ankaganiza kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo. Zoti ndi udzudzu zinadzadziwika mu 1897, Ronald Ross atafufuza ku India. Choncho ankamwa kwinini, makutu n'kumalira, koma usiku udzudzu ukuwadya monga kale. Ena mkodzo unkada bii, ndipo ikafika pamenepo anzawo ankayamba kuganiza za bokosi.

Dr Robert Laws tisamumane ulemu wake. Mu 1876, pa Cape Maclear pomwepo, anagoneka mnyamata ndi mankhwala a chloroform n'kumuchotsa chotupa pamwamba pa diso. Anthu anaona munthu akudulidwa osalira, kenako n'kudzuka, ndipo mbiri inawanda m'nyanja monse. Komabe pofika 1881 mishoni inali itatopa ndi maliro, inasamukira ku Bandawe, n'kusiya Albert Namalambe, woyamba kubatizidwa, akuyang'anira malowo. Ansembe a White Fathers nawo anafika kwa Mponda mu Disembala 1889, anatsegula sukulu, ankatsuka zilonda, koma mu 1891 ananyamuka. Ngakhale boma la Harry Johnston, limene linamanga linga la Fort Johnston mu 1891 kutsidya kwa Shire moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, linaona kuti malowo ndi chithaphwi cha matenda, ndipo zaka za m'ma 1890 zisanathe linasamukira pamene pali tauni ya Mangochi lero. Mzungu malo akamukana ankamanga katundu. Makolo athu analibe kolowera, poti minda, manda ndi madooko awo zinali pomwepo.

Ndipo zaka zimenezo mavuto ankabwera mopondana. Kunali kale malonda a akapolo, pakuti pa Mponda ndi pamene magulu opita ku Kilwa ankaolokera Shire, ndipo mayi popita kudambo sankadziwa ngati abwerako. Kutha kwa malondawo kunali mpumulo weniweni, sindingakane. Koma nkhondo zothetsera malondawo zinagwera anthu omwewo. Mudzi wa Mponda unaomberedwa ndi mizinga mu 1891. Kwa Makanjira, kumene Captain Cecil Maguire, msilikali wa boma la Johnston, anaphedwa mu Disembala chaka chomwecho, nkhondo inabwerezabwereza, ndipo mfumu Jalasi inakanika mpaka 1895. Mudzi ukapsa zimapsera limodzi nkhokwe, maukonde ndi mbewu za chaka chamawa. Utsi usanathe kunabwera msonkho wa nyumba, mashilingi atatu, kwa anthu amene ankagulana ndi nsalu, mikanda ndi mchere. Wolephera kukhoma ankamutenthera nyumba, mwina kumugwirira mkazi mpaka ndalama ipezeke. Dzombe linagwa, nthomba inkayendayenda.

Koma chimene agogo anga aakazi ankachitchula kawirikawiri, pobwereza zimene anamva kwa amayi awo, sichinali mzinga ayi. Anali matekenya. Kachilombo kameneka sikakuno: kanachokera ku South America, kanatsikira kugombe la Angola m'ma 1870, n'kuyenda ndi apaulendo mpaka kufika kunyanja kuno m'ma 1890. Anthu sankakadziwa. Munthu ankangomva kunyerenyetsa kunsi kwa chikhadabo, n'kumakanda, osadziwa kuti mkatimo mukukula thumba la mazira. Likaphulikira momwemo chala chinkaola. Anthu anaduka zala, ena analephera kupita kumunda dzinja lonse, ndipo mlimi wosayenda ndiye kuti banja lagona ndi njala.

Amene anaphunzira kulimbana nako ndi amayi a m'midzi. Ndikukumbuka agogo atandikhazika pamkeka m'mawa, phazi langa lili pantchafu pawo, m'manja muli munga. Ankatakasa khungu mozungulira pang'onopang'ono, osaboola pakati, mpaka kathumba koyera ngati njere ya mapira katuluke kathunthu. Ankakaponya pamoto, pabalapo n'kuthira phulusa.

“Agogo, mukundipweteka.”

“Khala chete, mwana iwe. Amayi anga anatsala ndi zala zitatu phazi ili chifukwa kunalibe wodziwa kuzula.”

Akatero ankandituma madzi oti awaze pansi m'nyumba asanazire, chifukwa thekenya limakonda fumbi louma. Nzeru imeneyo sinatsike m'sitima.

Zinanso zinali choncho. Wodwala malungo ankamufunditsa nsalu pamwamba pa mphika wa masamba owira kuti afukize thukuta lituluke. Mutu ukakakamira ankatema mphini m'litsipa, kapena kulumika ndi nyanga. Sindinena kuti zonsezi zinkachiritsa. Ana ambiri ankapita asanayambe kuyenda, ndipo likodzo linali lofala moti mnyamata kukodza magazi ena ankakuyesa chizindikiro cha kukula. Madokotala a boma anali a azungu ndi asilikali. Munthu wamba ankayenda mtunda kukafika kumishoni ya Anglican kwa Mponda kapena ku Malindi, ndipo ambiri ankapitako asing'anga atalephera, chilonda chitafika pafupa. Njala ikavuta, nyanja ndi tchire ndizo zinkasunga anthu: usipa wouma wosinthitsa ndi mapira kumtunda, malambe osungunula m'phala, nyika zokumba m'madambo ng'ona zili pomwepo.

Nkhondo ya 1914 inafika pakhomo pathu penipeni, sitima ya Angerezi ya Guendolen, imene mfuti yake ili pafupi ndi wotchi ya Queen Victoria m'tauni ya Mangochi, itakaombera sitima ya Ajeremani ku Sphinxhaven (Liuli, ku Tanzania lero) mu Ogasiti. Fort Johnston inasanduka doko la katundu wa nkhondo, ndipo amuna anatengedwa kukakhala amtengatenga, kusenza mitolo m'mvula ndi chakudya chosakwana, kamwazi akuwagwetsa m'njira. Amene anabwerera kumapeto kwa 1918 anafikira limodzi ndi chimfine chachikulu chija cha Spanish flu. Agogo ankati m'mudzi mwa amayi awo anasiya kulira maliro mokweza, poti olira nawonso anali chigonere, ndipo manda ankakumba ndi amayi, khasu lomwelo lolimira, mwana ali kumbuyo.