Minofu siisanduka mafuta mukasiya jimu

Zaka zikupita koma ndikumvabe mawu omwewa: ati munthu akasiya kunyamula zitsulo ku jimu, minofu yake imasanduka mafuta. Ndatopa nawo mawu amenewa.

Maselo a minofu ndi maselo a mafuta ndi osiyana, ndipo ena sangasanduke anzawo. Chimene chimachitika n'chakuti minofu ikasiya kugwira ntchito yolemetsa imachepa pang'onopang'ono. Ndiye ngati munthuyo akudyabe monga kale pomwe thupi likugwiritsa ntchito mphamvu zochepa, zotsalazo zimasungidwa ngati mafuta. Ziwirizi zimachitikira pamodzi, n'chifukwa chake ambiri amasokonezeka.

Chonde musafalitse nkhani zotere musanatsimikize. Tsegulani buku la bayoloje muone nokha, kapena funsani dokotala. Wokuphunzitsani ku jimu akanena zimenezi, mupempheni akufotokozereni mmene zimachitikira m'thupi.